Chingwe cha Wowotcherera Chichoke Paphewa

Munthu woyenda m'misewu ya ku Ndirande mu Blantyre, ya ku Mchesi ndi ku Kawale mu Lilongwe, kapena pa malo ena alionse a malonda m'dziko muno, sangalephere kuona kuwala kothobwa m'maso kukung'anima pansi pa chisakasa cha malata. Pamenepo pamakhala mmisiri wowotcherera zitsulo, ndipo kawirikawiri pambali pake pamakhala mnyamata amene wangosiya kumene sukulu, akuphunzira ntchitoyo poonerera. M'manja mwa anthu amenewa ndimo mumachokera mafelemu a zitseko ndi mazenera, mageti, mabedi, madesiki a m'sukulu, ngolo ndi mawilibala. Ntchito yawo njolemekezeka, ndipo yadyetsa mabanja ambiri.

Koma woyang'anitsitsa adzaona kanthu kena kamene amisiriwo sakaganizira. Chingwe chochokera ku makina n'cholemera ndipo chimakoka dzanja. Pofuna kuti dzanja lisatope ndi kuti msoko uwongoke, mmisiri wina amachikoleka paphewa nachidutsitsa kumbuyo kwa khosi. Wina amachikulunga kawiri kapena katatu pamkono. Wina, pogwira ntchito chokhala, amachigoneka pantchafu, ndipo mwina mpando wake ndi makina omwewo. Mnyamata uja amaona zimenezi tsiku ndi tsiku, nazitenga ngati mbali ya luso.

Wowotcherera aliyense amadziwa zoopsa zinayi za ntchito yake, pakuti zonsezo zimadziulula zokha. Kuwala kwa moto wowotcherera kumatupitsa maso, munthu n'kuchezera usiku wonse ngati wathiridwa mchenga m'zikope. Timoto tothetheka timaboola malaya ndi khungu. Utsi umatsamwitsa ndi kukhosomoletsa. Magetsi akamgwira munthu amamgwetsa pansi, mwinanso kumupha. Koma pali chinthu chachisanu chimene sichioneka, sichinunkha ndiponso sichimveka pakhungu, ndicho mphamvu ya maginito imene imazinga chingwe chilichonse chodutsa magetsi. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Mphamvu imeneyi siyenera kuopedwa ngati mfiti, komanso siyenera kunyozedwa, makamaka popeza kuipewa sikulira ngakhale tambala imodzi. Chofunika n'chakuti chingwe chichoke pathupi, ndipo phunziro limeneli liperekedwe tsiku loyamba lenileni limene wophunzira wagwira chopanira rodi.

Kumene mphamvuyi imachokera

M'chaka cha 1820 mphunzitsi wa pa yunivesite ya Copenhagen m'dziko la Denmark, dzina lake Hans Christian Ørsted, adaona kuti singano ya kampasi imapotoloka ikakhala pafupi ndi waya amene mukudutsa magetsi. Magetsiwo akazima, singanoyo imabwerera kuloza kumpoto monga mwa nthawi zonse. Apa ndi pamene anthu adadziwira kuti magetsi oyenda amabala maginito, ndi kuti mphamvu ya maginitoyo imazungulira waya monga momwe mafunde amazungulira pamene pagwa mwala m'dziwe, yochuluka pafupi, yochepa patali. Mu 1831 Michael Faraday wa ku London adapeza mbali yachiwiri ya nkhaniyi: maginito amene mphamvu yake ikusinthasintha amadzutsa magetsi m'chinthu chilichonse chapafupi chimene magetsi angathe kuyendamo. Pa mfundo imeneyi ndi pamene pagona makina opangira magetsi a pa Nkula ndi pa Tedzani, ndi thiransifoma ya wowotcherera yomwe.

Thupi la munthu nalonso ndi chinthu chimene magetsi amatha kuyendamo, pakuti mbali yake yaikulu ndi madzi okhala ndi mchere. Tsono magetsi amene ESCOM imagawa sayenda njira imodzi ayi. Amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse. Makina owotcherera a thiransifoma amapereka ku rodi magetsi a mtundu womwewo, kotero kuti maginito ozinga chingwe nawonso amatembenuka mwa liwiro lomwelo. Chingwe chotere chikagona paphewa, m'mnofu wa phewalo, m'khosi ndi m'chifuwa mumadzuka timagetsi ting'onoting'ono toyenda mozungulira, ngakhale chingwecho chikhale chokutidwa ndi mphira wosang'ambika. Mphira amatchinga magetsi, koma satchinga maginito. Epuloni yachikopa, magolovesi, ovolosi, thabwa, ngakhale khoma la njerwa, zonsezi maginito amangopyola ngati palibe kanthu.

Amisiri adaiona kale mphamvuyi ngakhale sanaitche dzina. Tizidutswa ta chitsulo togwa popala msoko timakakamira pachingwe. Chingwe chimagwedezeka chokha pamene rodi yakhudza chitsulo. Thiransifoma imalira ngati njuchi. Ogwiritsa ntchito makina opereka magetsi oyenda njira imodzi amadziwa momwe moto umakhotera pambali ngati ukuombedwa ndi mphepo, makamaka m'makona ndi kumapeto kwa chitsulo, n'kuononga msoko. Mphepo imeneyo ndi maginito. Mphamvu yokhoza kukankha moto wosungunula chitsulo siyenera kukhala yachilendo kwa munthu amene amaisenza paphewa.

Masamu a mtunda

Asayansi amayeza mphamvuyi ndi muyeso wotchedwa microtesla. Dziko lapansi lenilenili lili ndi maginito ake, omwe amaloza singano ya kampasi kumpoto, ndipo mphamvu yake ili pakati pa 25 ndi 65 kulingana ndi dera. Koma maginito a dziko ndi odekha, satembenukatembenuka, motero sadzutsa magetsi m'thupi la munthu amene wangoima.

Kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya kumayezedwa ndi maampu. Babu la m'nyumba silitenga ngakhale ampu imodzi, ndipo ketulo yamagetsi imatenga pafupifupi maampu khumi. Wowotcherera ndi rodi wamba amagwiritsa ntchito maampu 100 kapena kuposa, ndipo pa zitsulo zochindikala amafika pa 200 kapena 300. Pali lamulo la masamu losavuta, limene wophunzira wa Fomu 3 angathe kulitsata: pa waya mmodzi wowongoka, mphamvu ya maginito imakula molingana ndi maampu, ndipo imachepa molingana ndi mtunda. Wofuna kupeza chiwerengero cha ma microtesla achulukitse maampu ndi 20, kenaka agawe ndi mtunda wa m'masentimita.

Motero chingwe cha maampu 200 chimapereka ma microtesla 40 pa mtunda wa mita imodzi. Pa theka la mita ndi 80. Pa masentimita 10 ndi 400. Pa masentimita 4, ndiwo pafupifupi zala ziwiri kapena zitatu zogundana, ndi 1,000. Pa sentimita imodzi, pomwe pamakhala khungu la phewa losenza chingwe, ndi 4,000. Ndiye kuti khosi la mmisiri amene wakoleka chingwe limalandira mphamvu yowirikiza ka 100 poyerekeza ndi la mnzake amene chingwe chake chili pansi, mita imodzi kuchokera pakhosi, chikhalirecho makina ndi amodzi, rodi ndi imodzi, ntchito ndi imodzi. Wokulunga chingwe pamkono ndiye amanyanyiratu, pakuti mkombero uliwonse umaphatikiza mphamvu yake pa unzake monga momwe zilili m'kati mwa thiransifoma. Mkono wake umasanduka mtima wa koyilo.

Kodi malire ali pati? Bungwe la akatswiri ochokera m'maiko ambiri lotchedwa ICNIRP, limene limapereka uphungu pa nkhani zotere, lidalemba mu 2010 kuti pa magetsi otembenuka ka 50 pa sekondi, wantchito asapyole ma microtesla 1,000 ndipo munthu wamba asapyole 200. Maiko a mu European Union adaika malire awo m'lamulo la mu 2013, limene dziko lililonse lidayenera kuyamba kulitsata pofika pa 1 Julaye 2016. Lamulolo lidaika 1,000 ngati chenjezo loyamba, 6,000 ngati chenjezo lapamwamba, ndi 18,000 pa manja ndi miyendo pokha. Kupyola chenjezo loyamba sikutanthauza kuti munthu wavulala pomwepo. Kumatanthauza kuti mwini ntchito aunike bwino ndi kukonza kagwiridwe ka ntchitoyo. Chochititsa chidwi n'chakuti mmisiri wa pa Mchesi angathe kupyola chenjezo limenelo pakhosi pake mwa kungokolekapo chingwe, ndipo angathe kubwerera pansi pake mwa kungochitula.

Makina ang'onoang'ono amakono otchedwa inverter, amene afala chifukwa cha kupepuka kwake, sathetsa nkhaniyi. Amapereka magetsi oyenda njira imodzi, koma m'kati mwake amayatsa ndi kuzimitsa magetsi ka zikwi zambiri pa sekondi, ndipo magetsi a m'chingwe amadumphadumpha nthawi iliyonse pamene dontho la chitsulo lagwa kapena rodi yakakamira. Maginito osintha mofulumira amadzutsa magetsi ochuluka m'thupi kuposa osintha pang'onopang'ono. Kupepukako kwabweretsanso chizolowezi china choipa, chowotcherera padenga makina ali lende pa lamba wa paphewa.

M'mafakitale aakulu

Pali mtundu wina wa kuwotcherera umene sufuna rodi. M'zaka za m'ma 1880 Elihu Thomson wa ku America adapeza njira yolumikizira zitsulo mwa kuzipana ndi kudutsitsapo magetsi ochuluka zedi, mpaka pamalo opanidwawo patasungunuka. Njira imeneyi ndiyo imalumikiza malata a thupi la galimoto, ndipo galimoto imodzi imakhala ndi timadontho totere zikwi zingapo. Maampu ake amafika 5,000, 10,000 kapena kuposa, kwa kanthawi kosakwana sekondi imodzi. Pa makina otere ogwiridwa ndi manja, wantchito amaima pafupi ndi zingwe zonenepa ndi mikono yamkuwa ya makinawo, mwina atazitsamira ndi mimba. Mwa ntchito zonse za m'fakitale, imeneyi ili m'gulu la zimene zimaika munthu m'maginito amphamvu kwambiri.

Zimenezi sizili kutali ndi wachinyamata wa ku Malawi. Ena mwa ophunzira kuwotcherera amapita kukafuna ntchito ku South Africa, kumene kuli mafakitale a galimoto ku Rosslyn ndi Silverton mu Pretoria, ku Kariega, ku East London ndi ku Durban, pamodzi ndi mafakitale ang'onoang'ono ambiri a zitsulo. M'mafakitale aakulu ntchito yambiri ya timadontho idatengedwa ndi maloboti, koma kwa okonza galimoto zogundidwa ndi opanga mipando ndi makabati achitsulo, munthu ndiye akadagwirabe makina. Ena amafika mpaka ku Britain, kumene lamulo la mu 2016 limakakamiza olemba ntchito kuunika mphamvu zimenezi pa malo a ntchito ndi kudziwitsa antchito awo. Woyenda ulendo wotere anyamule nzeru kuchokera kwawo, kuti akadziwe pamene ayenera kuima ndi funso limene ayenera kufunsa kapitao. Safunsa adadya phula.

Zimene zimachitika m'thupi

Mitsempha imene imatumiza mauthenga m'thupi imagwira ntchito ndi timagetsi takewake. Magetsi achilendo odzutsidwa ndi maginito akakula mokwanira amatha kuisokoneza. Dokotala wa ku France, Jacques-Arsène d'Arsonval, adafotokoza mu 1896 kuti munthu akaika mutu m'kati mwa koyilo ya magetsi amphamvu amaona kung'anima m'maso ndiponso amamva chizungulire. Kung'animako kumachokera m'kati mwa diso lenilenilo, pamene timagetsi tija takhudza kansalu kolandira kuwala kamene kali kumbuyo kwa diso. Mphamvu ikapitirira apo, khungu limachita dzanzi ndipo minofu imadzikoka yokha. Malire onse atchulidwa aja adaikidwa pofuna kuletsa zimenezi. Pa kuwotcherera kwa rodi wamba sizichitikachitika, ndipo zimayembekezeka makamaka pamene chingwe cha maampu ochuluka chayandikana ndi mutu. Zonsezo zimatha munthu akangochoka pamalopo. Komatu chizungulire cha sekondi ziwiri, chimene sichivulaza woima pansi, chingathe kugwetsa munthu amene ali pamwamba pa denga la tchalitchi kapena pa nsanja ya thanki ya madzi, rodi yamoto ili m'manja.

Ngozi yotsimikizika koposa ili pa anthu okhala ndi zipangizo zamagetsi m'thupi. Kuyambira mu 1958, pamene madokotala a ku Stockholm adaika koyamba m'thupi la munthu kachipangizo kothandiza mtima kugunda, kotchedwa pacemaker, anthu ochuluka akhala ndi moyo chifukwa cha iko. Kachipangizoka kamamvetsera timagetsi ta mtima kuti kadziwe nthawi yothandizira. Timagetsi todzutsidwa ndi chingwe chowotcherera tingathe kukanamiza, n'kuyesa kuti mtima ukugunda pamene sukugunda, kotero n'kuleka ntchito yake. Ena mwa opanga zipangizozi amalangiza kuti wokhala nako, ngati dokotala wamulola kuwotcherera, asapyole maampu 160, ndipo moto utalikirane ndi chifuwa masentimita osachepera 60. Anthu otere sachuluka m'Malawi, koma sayenda ndi chikwangwani pamphumi. Angathe kukhala bambo wachikulire amene wabwera kudzaona geti lake, naweramira pafupi kuti aonetsetse msoko. Lamulo la ku Ulaya lija limatchulanso okhala ndi zitsulo zoikidwa m'thupi ndi madokotala, ndiponso amayi oyembekezera, ngati antchito oyenera kuganiziridwa mwapadera. Popeza atsikana nawonso akulowa m'ntchito yowotcherera, mfundo imeneyi ifike m'makutu mwa aphunzitsi awo.

Pakati pa mantha ndi mphwayi

Nanga za matenda obwera patapita zaka? Funso limeneli lidabuka mwamphamvu mu 1979, pamene Nancy Wertheimer ndi Ed Leeper adalemba kuti mu mzinda wa Denver ku America khansa ya ana inkaoneka mochulukirapo m'nyumba zoyandikana ndi nthambo zonyamula magetsi ambiri. Kafukufuku wochuluka adatsatira. Mu 2002 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, limene likulu lake lili ku Lyon, lidasindikiza chigamulo chake: maginito a mtundu wa magetsi a m'nyumba adaikidwa m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Maziko a chigamulocho adali khansa ya m'magazi ya ana. Pa khansa zina zonse bungwelo lidati umboni ngosakwanira. Mu 2003 ofufuza a ku Sweden, atatsata mbiri ya antchito zikwi mazanamazana a m'mafakitale a zitsulo, momwe owotcherera ngochuluka, adapeza kuti matenda oiwalitsa a Alzheimer's ndi matenda ofooketsa minofu a ALS ankaoneka mochulukirapo pakati pa ogwira ntchito m'maginito amphamvu. Komabe wowotcherera amapumanso utsi wa zitsulo ndipo amagwidwagwidwa ndi magetsi, motero kulekanitsa chifukwa chimodzi pa zinzake ndi ntchito yovuta. Mu 2007 WHO, itasanthula umboni wonse, idati sunafike potsimikiza kuti maginitowa amayambitsa matenda okhalitsa, koma idaonjeza kuti n'kwanzeru kuchepetsa mphamvuyo pamene kutero kuli kotchipa kwambiri.

Mphunzitsi woona asakuze nkhaniyi kuposa msinkhu wake. Maginito a chingwe sali ngati X-ray. Alibe mphamvu yodula tizigawo ta m'maselo, saunjikana m'thupi, ndipo amazimirira nthawi yomweyo pamene makina azimitsidwa. Mmisiri sapita nawo kunyumba, ndipo sangapatsire mkazi wake kapena ana ake. Mkaka umene ena amamwa poweruka sungawachotse, popeza palibe chotsalira choti chichotsedwe. Mdani wamkulu ndi utsi. Mu 2017 bungwe lomwelo la IARC lidaika utsi wowotcherera m'gulu loyamba, la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya m'mapapo, ndipo kuwala kwa moto wowotcherera kudaikidwa m'gulu lomwelo chifukwa cha khansa ya m'diso. Mnyamata amene angasiye ntchito yabwino poopa maginito walakwa. Amene angatule chingwe koma n'kumawotcherera m'chipinda chotseka, atavala magalasi a dzuwa a pamsika m'malo mwa chishango chenicheni, walakwa koposa.

Mankhwala ake ndi aulere

Wina angatsutse kuti imeneyi ndi nkhani ya anthu okhuta. Mmisiri wa pa chisakasa alibe ndalama zogulira chishango chabwino, magetsi amazimazima, marodi akwera mtengo, mwini malo akufuna lendi. Angamavutike bwanji ndi chinthu chimene ngakhale asayansi sanachipeze ndi mlandu wooneka? Ndani angamgulire chipangizo choyezera? Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo akadakhala omaliza chikhala kuti kudziteteza kumafuna ndalama. Koma chishango, magolovesi ndi chokupizira utsi ndizo zimagulidwa. Mtunda sugulidwa.

Choyamba, chingwe chisakolekedwe paphewa kapena pakhosi, chisakulungidwe pamkono kapena m'chiuno, ndipo chisagonekedwe pantchafu. Ngati chikulemera, chipachikidwe pa ngowe yachitsulo. Chachiwiri, zingwe ziwiri, chopita ku rodi ndi chobwerera chimene chimapanidwa pachitsulo, ziyende limodzi mogundana, zitamangidwa ndi mphira wa chubu mpaka pafupi ndi ntchito. Magetsi a m'zingwe ziwirizo amayenda mosemphana, motero maginito awo amafafanizana, ndipo mphamvu yotsalayo imachepa msanga: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu imatsika kanayi. Chachitatu, mmisiri asaime pakati pa zingwezo. Zonse zikhale mbali imodzi ya thupi, pakuti woima pakati ali m'kati mwa mkombero, momwe mphamvu za zingwe ziwirizo zimaphatikizana. Chachinayi, chingwe chobwerera chipanidwe pafupi ndi msoko, osati kumapeto ena a geti kapena pa mzati wakutali, kuti mkombero ukhale waung'ono. Chachisanu, makina asasandutsidwe mpando kapena chotsamira, ndipo asanyamulidwe pathupi moto uli kuyaka. Chachisanu ndi chimodzi, maampu asakwezedwe kuposa momwe rodi ikufunira, pakuti oonjezerawo amangoboola chitsulo ndi kutha magetsi. Chomaliza, makasitomala ndi ana oonerera aime patali, ndipo potero maso awo adzapulumukanso.

Makina opangidwa pamanja, a waya wokulungidwa pa zitsulo zodulidwa n'kumangidwa m'felemu ya matabwa, ndi umboni wa luso la amisiri a kuno. Koma alibe chivindikiro, ndipo zitsulo zake sizigwirana bwino ngati za kufakitale, motero maginito amatayikira kunja. Oterewa aikidwe pakona, mita imodzi kapena ziwiri kuchokera pamene anthu amaima, osati pansi pa tebulo logwirirapo ntchito.

Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimachedwetsa ntchito, ndipo phindu lake silidalira pa zimene asayansi adzagamule mtsogolo. Zingwe zomangidwa limodzi sizipunthwitsa anthu ndipo zimakhalitsa. Koposa zonse, chingwe chimene mphira wake adang'ambika n'kumatidwa ndi pepala la pulasitiki, chikakolekedwa pakhosi la thukuta m'mwezi wa Okutobala, ndi imfa yongodikira tsiku. Wotula chingwe poopa maginito wapulumukanso ku magetsi.

Udindo uli pa yani

Mu 1997 Nyumba ya Malamulo ya Malawi idakhazikitsa lamulo la chitetezo, umoyo ndi ubwino wa anthu pa malo a ntchito, limene lidaika pa olemba ntchito udindo woteteza antchito awo. Mu 1999 kudakhazikitsidwa bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito za manja, ndipo mu 2015 boma lidayamba kutsegula makoleji a m'madera pambali pa sukulu zakale monga Lilongwe Technical College. Mipata yophunzitsira ilipo. Chofunika n'chakuti kasamalidwe ka chingwe kakhale mbali ya mayeso a manja, kuti wophunzira amene wakoleka chingwe pakhosi ataye malikisi monga momwe angatayire wowotcherera wopanda chishango. Mphunzitsi aliyense amadziwa kuti zimene zimafunsidwa pa mayeso ndizo zimaphunzitsidwa mwakhama.

Mphunzitsi wa sayansi ku sekondale ali nayo kale nkhaniyi m'manja, popeza amaphunzitsa za magetsi ndi maginito. Batire ya tochi, kawaya ndi kampasi n'zokwanira kubwereza zimene Ørsted adaona. Singano ikapotoloka, afunse ophunzira kuti ngati batire ya tochi yachita zotero, nanga maampu 200 angachite zotani, kenaka awapatse masamu a mtunda aja kuti awerengere okha. Ambiri mwa ophunzira amenewo sadzafika ku yunivesite, ndipo ena adzapezeka pa chisakasa chaka chamawa. Phunziro limene linkaoneka ngati la m'buku lidzawatsata kumeneko.

Koma mphunzitsi wamkulu wa owotcherera ambiri m'dziko muno ndi mmisiri wa pa chisakasa, amene sanalembepo silabasi. Mnyamata amatengera kwa iye kagwiridwe ka rodi, kaimidwe ndi kakhalidwe, zabwino ndi zoipa zomwe. M'mera mpoyamba: chingwe chimene chazolowera phewa m'chaka choyamba chidzalifunabe patapita zaka makumi atatu. Mmisiri amene amadziwa kukalipa kuti, "Iwe, vala chishango!" aonjezepo kuti, "Tula chingwecho, uchimange ndi chinzake." Ndipo mnyamata wochokera ku sukulu, amene adaphunzira masamu a mtunda, asaope kufunsa mwaulemu kuti, "Abwana, bwanji tipange ngowe yopachikapo chingwechi?" Zitsulo zopangira ngoweyo zili kale pa mulu wa zotsala kuseri kwa chisakasa, ndipo kuiwotcherera sikungathe ngakhale rodi imodzi.